Mafunso ndi Mayankho: Kodi khoma la matabwa limadya matabwa angati?

FUNSO: Ndikuchita lendi chipinda cha sitolo pa Kasungu, ndipo ndikufuna kuchigawa pawiri kuti kutsogolo kukhale kogulitsirako, kumbuyo kukhale kosungirako katundu. Eni nyumba akana zoti ndimange khoma la njerwa, koma alola la matabwa lokutidwa ndi pulayiwudu mbali zonse ziwiri. Khomalo litalika mamita 4.2, kuchoka pansi kufika kusiling'i pali mamita 2.7, ndipo pakhala chitseko chimodzi. Kalipentala wina akuti ndigule matabwa 16 a 2x3 (okhuthala mainchesi 2, m'lifupi mainchesi 3), pamene wina akuti 9 akwana. Kodi ndimvere uti?
Wamalonda, Kasungu

YANKHO: Bambo, musafulumire kuganiza kuti wina mwa amisiri awiriwa akufuna kukudyerani masuku pamutu, chifukwa n'zotheka kuti onse akunena zoona. Chimene sanakuuzeni, ndipo inunso simunawafunse, ndi kutalika kwa matabwa amene aliyense akuwerengera. Pamsika pamapezeka matabwa a mafiti 18, omwe ndi pafupifupi mamita 5.5, komanso ena afupiafupi monga a mafiti 12, omwe ndi mamita 3.66, ndipo khoma limodzi lomwelo limadya chiwerengero chosiyana malinga ndi thabwa limene mwagula. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti mukabwerera kwa amisiriwo mukalankhule nawo mukudziwa chimene mukugula.

Kuwerengera kumayambira pa pulayiwudu, osati pa matabwa. Shiti imodzi ya pulayiwudu imakhala mamilimita 1220 m'lifupi ndi mamilimita 2440 m'litali, ndipo paliponse pamene mashiti awiri akumana payenera kukhala thabwa loimirira kumbuyo kwake kuti m'mphepete mwa mashiti onse awiri mukhomedwe misomali. N'chifukwa chake nsanamira za khoma lotere zimatalikirana mamilimita 610, omwe ndi theka la mulifupi wa shiti, kuyeza kuchoka pakati pa nsanamira ina kufika pakati pa inzake. Amisiri ambiri amakonda kunena kuti 600 pofuna nambala yosavuta, ndipo kusiyana kwa mamilimita 10 kumaoneka ngati kosadetsa nkhawa, koma kumka kukuchulukira. Shiti yoyamba imathera m'mphepete mwenimweni mwa nsanamira, ndipo yachiwiri ikamatha, m'mbali mwake mumakhala mulibe chokhomerapo, kotero kuti mmisiri amakakamizika kudula shiti yabwinobwino kapena kuwonjezera thabwa limene simunaliwerengere. Muyezo wa 600 ndi woyenera pa mabodi amene amabwera ali mamilimita 1200 m'lifupi, monga ena a jipisamu. Choncho yambani mwasankha chokutira khoma, muchiyeze ndi tepi, ndipo muyezo wa nsanamira utsatire pamenepo.

Tsopano tengani kutalika kwa khoma lanu, mamilimita 4200, mugawe ndi 610. Yankho lake ndi 6.9, ndipo pakuti palibe mpata wa theka, tinena kuti mipata ilipo 7. Nsanamira zimaposa mipata ndi imodzi, chifukwa pamafunika ina poyambira ndi ina pothera, ndiye zikhala 8. Anthu ambiri amaiwala imodzi yowonjezerayi. Pachitseko onjezerani nsanamira 2, ina mbali iyi ina mbali iyo, chifukwa malo amene mukufuna chitseko sangangogwera pa muyezo wa 610, komanso felemu ya chitseko chimene chizitsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lonse imafuna pogwira polimba. Musachotsere nsanamira imene yagwera pakati pa khomo, pakuti chidutswa chake chapamwamba chidzafunika pamwamba pa chitsekocho. Zonse pamodzi ndi nsanamira 10.

Nsanamirazi sizitalika mamita 2.7, chifukwa zimakhala pa thabwa logona pansi ndipo zimasenza lina logona pamwamba. Lililonse mwa awiriwa ndi lokhuthala pafupifupi mamilimita 50, ndiye nsanamira iliyonse idulidwa mamita 2.6. Apa ndi pamene pali mwayi wanu. Nsanamira ziwiri za mamita 2.6 zikukwana mamita 5.2, ndipo zikutuluka m'thabwa limodzi la mafiti 18, n'kutsala kachidutswa kosakwana masentimita 30. Nsanamira 10 zidya matabwa 5 okha. Thabwa lapansi ndi lapamwamba, lililonse la mamita 4.2, atenga matabwa ena 2, ndipo pa lililonse patsala pafupifupi mamita 1.3, amene simuyenera kulola kuti apite kukasonkhera moto.

Chotsala ndi timatabwa topingasa timene timalowa pakati pa nsanamira kuti zisapindike. Mpata wa pakati pa nsanamira ziwiri ndi mamilimita 560, ndipo ndiko kutalika kwa kathabwa kalikonse. Pakhoma lanu pafunika mizere iwiri. Mzere woyamba ukhala chapakati, pamtunda wa mamita 1.2 kuchokera pansi. Wachiwiri ukhala pamtunda wa mamita 2.44, chifukwa shiti ya pulayiwudu ikuthera pamenepo pamene khoma likupitirira mpaka mamita 2.7, ndipo kachidutswa kodzazira pamwambapo kakufuna pokhomera. Mipata 7 kuchulukitsa ndi mizere 2 ndi timatabwa 14, koma tikachotsa ka pakhomo titsala 13. Zotsala ziwiri za mamita 1.3 zija zitulutsa timatabwa 4, ndipo thabwa limodzi lathunthu litulutsa 9 totsalato. Chopingasa cha pamwamba pa chitseko simuchigula, pakuti chichokera pa thabwa lapansi, limene mmisiri amalidula pakhomo akamaliza kuimika khoma kuti anthu asamapunthwepo.

Tikaphatikiza, 5 a nsanamira, 2 ogona ndi 1 la topingasa akukwana matabwa 8. Onjezerani limodzi chifukwa cha mfundo, ming'alu ya kumapeto ndi kuphonya kwa macheka, ndipo mwafika pa 9 amene anatchula kalipentala wachiwiri uja. Ine ndikanagula 10, chifukwa thabwa limodzi lowonjezera ndi lotchipa kuposa kulipira kabaza kapena ngolo ulendo wachiwiri mmisiri atakhala pansi kudikira.

Nanga 16 wachokera kuti? Ngati matabwa ali a mafiti 12, thabwa lililonse likutulutsa nsanamira imodzi yokha, n'kutsala pafupifupi mita imodzi, ndiye nsanamira zokha zidya matabwa 10. Ogona aja, pakuti thabwa limodzi silikufika mamita 4.2, ayenera kulumikizidwa, ndipo atenga matabwa 3. Topingasa tichokera m'zotsala. Pamenepo tafika pa 13, ndipo tikawonjezera a chitetezo tili pa 15. Mmisiri amene wanena 16 wangowonjezera pang'ono, sanabe. Chofunika ndi kufunsa mtengo wa matabwa a mitundu yonse iwiri, n'kuchulukitsa wina ndi 10, wina ndi 15, ndipo muona nokha kumene ndalama ikupulumuka.

Pali njira ina yowerengera imene ndikufuna muisamale nayo, ngakhale kuti ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito. Munthu amaphatikiza mamita onse a khoma, amene pano akukwana pafupifupi 43, n'kugawa ndi kutalika kwa thabwa limodzi. Pakhoma lanu njirayi ikupereka 8, ndipo yagwirizana ndi kuwerengera kwathu, koma zangochitika mwamwayi. Siling'i yanu ikanakhala pamtunda wa mamita 2.9, nsanamira iliyonse ikanakhala mamita 2.8, ziwiri zikanafuna mamita 5.6, ndipo sizikanatuluka m'thabwa la mafiti 18. Nsanamira 10 zikanadya matabwa 10 m'malo mwa 5, ndipo khoma lonse likanafuna 12, chonsecho kusiyana kwake ndi masentimita 20 okha. Kuphatikiza mamita sikukanakuonetsani zimenezi, pakuti kumawerengera ngati zidutswa zotsala zingathe kulumikizidwa n'kukhala nsanamira, pamene nsanamira yolumikiza siimika khoma lowongoka. Telala wodziwa ntchito amayala nsalu n'kuona mmene zigawo za chovala zikwanire asanatchule mamita, ndipo matabwa amafuna zomwezo. Lembani papepala chidutswa chilichonse ndi kutalika kwake, kenaka mujambule thabwa lililonse ndi zidutswa zimene zituluke mmenemo.

Musanagule, yezaninso kutalika kochoka pansi kufika kusiling'i m'malo atatu, kumapeto konse kuwiri ndi pakati, chifukwa simenti ya pansi m'nyumba zambiri zamalonda si yofanana paliponse. Mmisiri adule nsanamira iliyonse molingana ndi malo ake, asadule zonse nthawi imodzi. Onetsetsaninso kuti thabwa lapamwamba likhomedwa ku matabwa amene anyamula siling'i, osati ku bodi ya siling'iyo, imene singagwire kanthu.

Pa pulayiwudu, khoma lanu tikachotsa khomo ndi pafupifupi masikweyamita 9.5 mbali imodzi, ndipo shiti imodzi imakuta pang'ono kuchepera masikweyamita 3. Mbali zonse ziwiri zifuna mashiti 7, ngati zidutswa za mbali ina zigwiritsidwa ntchito mbali inayo. Misomali ya mainchesi 4 yokwana makilogalamu 2 ikwanira felemu yonse, ndipo ya pulayiwudu mugula yaing'ono payokha.

FUNSO: Ndinagwirapo ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, ndipo tsopano ndabwerera kwathu. Ndikufuna kumanga okala ya matabwa ya mamita 3 m'litali ndi mamita 2.4 m'lifupi, yofolera ndi malata, yokhala ndi chitseko chimodzi ndi zenera logulitsirapo. Pulani imene ndaipeza pa intaneti ikuti nsanamira zitalikirane mainchesi 16. Kodi nditsatire zimenezi, ndipo ndigule matabwa angati?
Wowerenga, Mangochi

YANKHO: Achimwene, pulani yanuyo ikuoneka kuti inalembedwera anthu a ku America, kumene nyumba zambiri zimamangidwa ndi matabwa ndipo mainchesi 16, omwe ndi mamilimita 406, ndi muyezo wozolowereka. Muyezowu unachokeranso pa shiti ya mafiti 4, imene imagawika patatu ndi mainchesi 16. Koma dziwani kuti thabwa limene iwo amalitcha 2x4 limakhala litaumitsidwa ndi kupalidwa, ndipo muyezo wake weniweni ndi mamilimita 38 ndi 89. Ku South Africa kumene munali nakonso matabwa ambiri omangira ndi okhuthala mamilimita 38, monga 38x76 ndi 38x114. Athu a kuno, amene amagulitsidwa osapala, amayandikira mamilimita 50 ndi 100, ngakhale kuti amasiyanasiyana malinga ndi dzanja la wocheka. Mukatengera manambala a pulaniyo osasintha, nsanamira zanu zidzatalika kuposa mmene mumafunira, chifukwa iyo yachotsera mamilimita 38 pa thabwa lililonse logona pamene inu muyenera kuchotsera 50.

Khoma la okala likusiyana ndi khoma logawa chipinda chifukwa limasenza denga ndipo limalimbana ndi mphepo. Gwiritsani ntchito 2x4, ndipo pamwamba pagone matabwa awiri osanjikizana, amene pamakona azilowana kuti makoma anayi amangike pamodzi. Tikatsatira muyezo wa mamilimita 400, omwe akuyandikira mainchesi 16 aja, khoma lililonse la mamita 3 lifuna nsanamira 9, ndipo lililonse la mamita 2.4 lifuna 7, zonse pamodzi 32. Onjezerani imodzi pakona iliyonse kuti chokutira cha m'kati chipeze pokhomera, ziwiri pachitseko ndi ziwiri pazenera, ndipo zikwana 40. Khoma la kumbuyo likakhala mamita 2.4 ndipo la kutsogolo mamita 2.7 kuti madzi a mvula azitsetsereka, nsanamira yaitali kwambiri ikhala mamita 2.55, ndiye zonse zituluka ziwiriziwiri m'thabwa la mafiti 18. Amenewo ndi matabwa 20.

Maganizo anga ndi akuti pa kanyumba kakang'ono chonchi, kofolera ndi malata opepuka, muyezo wa 400 ndi kuwononga ndalama. Mukatalikitsa mipata kufika mamilimita 600, makoma aatali afuna nsanamira 6 lililonse, aafupi 5 lililonse, ndipo pamodzi ndi za m'makona, pachitseko ndi pazenera zikwana 30, omwe ndi matabwa 15. Mwapulumutsa matabwa 5 popanda kufooketsa okala yanu. Ngati mukuta makomawo ndi pulayiwudu, kumbukirani kuti muyezo woyenera ndi 610 monga tafotokozera m'yankho loyamba lija.

Matabwa ogona akukukomerani kwambiri, chifukwa mamita 3 kuphatikiza mamita 2.4 ndi mamita 5.4, ndipo thabwa limodzi la mafiti 18 likutulutsa mbali yaitali imodzi ndi yaifupi imodzi. Mzere uliwonse wozungulira okala utenga matabwa 2, ndipo mizere itatu, umodzi wapansi ndi iwiri yapamwamba, itenga 6. Mpata wotsala ndi wochepa, choncho sankhani matabwa amene kumapeto kwake sikunang'aluke. Pamwamba pa zenera logulitsirapo, pakuti ndi lotakata, ikani 2x6 choimika, osati chogoneka, kuti lisagwe pakati n'kumapana chotsekera.

Ndalama imene mwapulumutsa pa nsanamira muiike pa zinthu ziwiri zimene mapulani ambiri amazitchula mongodutsa. Choyamba ndi matabwa opendekera, ochoka pakona yapansi kukwera mpaka ku thabwa lapamwamba, limodzi pakhoma lililonse. Popanda amenewa, khoma lokhomedwa ndi misomali yokha limayamba kupendama pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro choyamba n'chakuti chitseko chimasiya kutsekeka. Matabwa 2 atulutsa opendekera anayi. Chachiwiri ndi kumangirira thabwa lapansi ku maziko ndi mabawuti, ndi kumanga denga ku makoma ndi waya wokhuthala kapena zitsulo zopyapyala, chifukwa mphepo ya mvula zoyamba kumadera a kunyanja imasasula denga limene langokhomedwa ndi misomali. Zonse pamodzi ndi matabwa 23 a 2x4, ndipo mukawonjezera limodzi pa 10 alionse mugula 26, kupatula a denga ndi 2x6 ya pazenera. Topingasa tichokera m'zotsala za nsanamira.

FUNSO: Mmisiri wanga akuti ndigule matabwa a 2x6 n'kukawang'ambitsa pakati kuti atuluke a 2x3, ati ndi zotchipa. Komanso khoma la matabwa limene ndinakhomesa chaka chatha lapindika ndipo chiswe chayamba kulowa pansi pake. Kodi ndichite chiyani kuti zisachitikenso?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, nzeru ya mmisiri wanuyo ndi yabwino nthawi zambiri, koma muiyese ndi masamu. Tengani mtengo wa 2x6 imodzi, muphatikize ndi wong'ambitsira pamakina, ndipo mufananitse ndi mtengo wa 2x3 ziwiri. Dziwaninso kuti macheka amadya mamilimita angapo, kotero kuti zidutswa ziwirizo zimatuluka zochepera pang'ono mamilimita 75, ndipo si bwino kuzisakaniza pakhoma limodzi ndi 2x3 zogula kwina, chifukwa pulayiwudu idzatumphuka pamene pali thabwa lalikulupo. Chinanso n'chakuti thabwa likang'ambidwa pakati nthawi zina limakhota pomwepo ngakhale linali lowongoka, choncho pa matabwa ong'ambitsa onjezerani a chitetezo ochulukirapo, ndipo okhotawo muwadule akhale topingasa, kumene kukhota sikuoneka.

Kupindika kwa khoma lanu mosakayikira kwachokera ku matabwa aawisi. Paini wambiri wa pamsika amachokera ku nkhalango zobzala monga ya Chikangawa kumapiri a Viphya, imene inali ya mahekitala pafupifupi 53,000 ndipo inabzalidwa ndi cholinga chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe, komanso nkhalango za ku Zomba kwanu konko ndi ku Dedza. Moto wolusa ndi kudula kosabwezeretsa zachepetsa mitengo yokhwima, ndiye matabwa ambiri masiku ano amachekedwa ku mitengo yanthete n'kufika pamsika asanaume. Thabwa lotere limalemera kuposa anzake, limazizira mukaligwira, ndipo msomali ukamalowa pamatuluka chinyezi. Likaumira pakhoma limafupika m'lifupi n'kupotoka, ndipo limakoka pulayiwudu ndi felemu ya chitseko. Pogula, nyamulani thabwa lililonse mbali imodzi, mutseke diso limodzi n'kuyang'ana motsata m'mphepete mwake, ndipo lokhota mulibweze pamulu ngakhale wogulitsa atanyinyirika. Ngati opezeka ndi aawisi okhaokha, asanjikeni pamthunzi pamalo osalala, muike timitengo tofanana pakati pa mizere kuti mphepo izidutsa, muwatsindire ndi njerwa pamwamba, ndipo muwasiye milungu ingapo. Kuwayanika padzuwa choimika, monga ambiri amachitira, kumangowonjezera kukhota ndi kung'aluka.

Za chiswe, nyumba zakale zimene zinamangidwa ndi mkungudza wa ku Mulanje sizinkavutika nacho kwenikweni, koma mtengo umenewu unatha pafupifupi wonse m'phirimo ndipo ndi wotetezedwa, choncho musauganizire. Paini alibe chitetezo chotero. Pakani mankhwala otetezera matabwa, monga Solignum, mmisiri atadula kale zidutswa koma asanazikhome, ndipo kumapeto kodulidwako muviike m'mankhwalamo, chifukwa ndi kumene thabwa limamwa kwambiri chinyezi. Oilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amapaka pa matabwa a denga, musamugwiritse ntchito pakhoma la m'nyumba, pakuti amanunkha, amadetsa pulayiwudu ndipo utoto sugwira pamene iye wafika. Pansi pa thabwa logona yalani pulasitiki wakuda uja amaika pamaziko a nyumba, kuti thabwalo lisakhudzane ndi simenti, ndipo pulayiwudu muikweze pafupifupi sentimita imodzi kuchoka pansi kuti madzi okolopera asamailowe. Musanaimike khoma latsopano, fufuzani mng'alu wa pasimenti kapena m'mbali mwa khoma la njerwa umene chiswe chadzera, muthiremo mankhwala a chiswe ndi kuutseka ndi simenti. Matabwa akale amene chawagwira kale muwachotse onse, ndipo powerengera atsopano musadalire kuti ena mwa iwo agwiranso ntchito.